Masheya a mafuta: makalata ochokera ku Dowa ndi Ntchisi

WOULUTSA: Lero makalata ambiri achokera ku Dowa ndi Ntchisi, zikuonetsa kuti soya ndi fodya zagulitsidwa. Yoyamba ndi ya bambo wina wa ku Madisi. Akuti, "Ndikaona mizere ya galimoto zodikira mafuta pa Mponela ndimati eni mafutawa akulemera. Ndingagule bwanji masheya a NOCMA?"

KATSWIRI: Simungagule, bambo. NOCMA ndi kampani ya mafuta ya boma, siili pa msika wa masheya wa ku Blantyre. Komanso mzere wautali usakunamizeni. Mtengo wa papampu amaika ndi a bungwe la boma la MERA, ndipo pampu ikauma masiku atatu mwiniwake amalipira antchito osagulitsa kanthu. Amene amanjoya ndi mizere ndi anyamata a zigubu, koma amenewo alibe masheya.

WOULUTSA: Ina yachokera kwa aphunzitsi opuma a ku Malomo. Akufunsa ngati pa Malawi Stock Exchange pali kampani ya mafuta.

KATSWIRI: Funso labwino, aphunzitsi. Yongogulitsa mafuta okha palibe. Njira yoyandikira ndi Press Corporation, imene ili ndi theka la Puma Energy Malawi. Ilinso ndi EthCo ya ku Dwangwa ndi PressCane ya ku Chikwawa, zopanga ethanol amene amasakaniza ndi petulo uja. Kungoti mukagula Press mwagula dengu lonse, muli National Bank, muli TNM, mafuta ndi gawo chabe. Ine sindidandaula nazo, chifukwa china chikagwa china chimagwirizira. Tengani chiphaso cha unzika, mupite kwa broker wovomerezeka ndi Reserve Bank, akutsegulireni akaunti. Kampani ikapanga phindu imagawa dividendi, chaka chikavuta imatha osagawa.

WOULUTSA: Iyi ndi yaitali pang'ono, ya mayi wina wa ku Mvera. Akuti, "Mwana wanga wandilowetsa m'gulu la pa WhatsApp. Akuti ndikatumiza K100,000 ndigula gawo la chitsime cha mafuta cha kampani yakunja yodziwika, ndipo ndizilandira K5,000 tsiku lililonse. Anzanga awiri alandirapo kale. Ndikufuna kubwereka ku banki mkhonde. Ndichite?"

KATSWIRI: Mayi, ngati wailesi ili pafupi kwezani mawu. Musatumize. Ngati mwatumiza kale, musawonjezere ngakhale akuuzeni kuti pakufunika ndalama yotsegulira akaunti. Ndimanena izi sabata iliyonse, ndipo sabata iliyonse kalata yomweyi imabweranso. Mwezi watha inali ya golide, lero yavala malaya a mafuta.

Tiwerenge limodzi. K5,000 pa tsiku, ndiye kuti pa masiku 20 ndalama yanu yonse yabwerera. Chitsime chanji chimenecho? Ngakhale wakatapila wouma mtima kwambiri pa Dowa Turn Off sakolola choncho. Anzanu awiriwo alandira, inde, koma alandira ndalama za anthu amene analowa pambuyo pawo. Mwawaza madeya pabwalo, nkhuku zimaitanizana zokha.

Ndikuuzeni za eni mafuta enieniwo. Mu April 2020, matenda a Covid atatseka maiko ambiri, mtengo wa mafuta osayenga ku America unatsika kupitirira ziro. Amalonda ankachita kulipira kuti wina awachotsere mafutawo, poti kosungira kunadzaza. Chaka chomwecho Shell inadula dividendi koyamba chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, BP nayo inadula ndi theka. Pafupi pompa ku Mozambique, Total inaimitsa ntchito yaikulu ya gasi ku Cabo Delgado mu 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma. Ndiye zimphona zoterezi zikulephera kulonjeza za chaka chamawa, mnyamata wa pa foni amene simunamuonepo nkhope akulonjezani za mawa m'mawa?

Ena amabwera ndi nkhani ya nyanja yathu. Zoona, mu 2011 boma linapereka chilolezo kwa Surestream Petroleum ya ku Britain kuti ifufuze mafuta pa nyanja ya Malawi, ndipo mu 2012 mkangano wa malire ndi Tanzania unabuka chifukwa cha zomwezo. Koma kufufuza ndi kupeza n'zosiyana. Dontho la mafuta a m'nyanjamo silinagulitsidwepo. Wina akakuuzani kuti akugulitsa gawo la chitsime cha ku Karonga, mufunseni kuti chitsimecho anachiona ndani.

WOULUTSA: Koma achimwene, mayiwa akuti ndi kampani yakunja yodziwika.

KATSWIRI: Dzina la kampani aliyense atha kulimata pa chithunzi. Masheya enieni a Shell kapena BP amagulitsidwa ku London, pamafunika ndalama zakunja, ndipo kutulutsa ndalama zakunja m'dziko muno kuli ndi malamulo a Reserve Bank. Anthu oitanitsa feteleza ndi mankhwala akusowa madola ku banki, inu mukawapeza potumiza ndalama pa nambala ya munthu kwa ejenti wa pa msika?

Msuweni wanga weniweni anagwa m'mbuna yomweyi. Munthu wolimbikira, anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri zapagoli. Anagulitsa imodzi. Sabata yoyamba foni inkalira m'mawa uliwonse, mpaka anandiimbira kundiseka kuti ife ophunzira ndife amantha. Sabata yachitatu gulu lija linangoti zii, nambala zonse osapezeka. Ngolo sikokedwa ndi ng'ombe imodzi, ndiye inayonso anaigulitsa motchipa. Chimene chimandiwawa n'chakuti analowetsamo mkazi wake ndi azimayi a kutchalitchi, ndipo mpaka lero ena samupatsa moni.

Za banki mkhondezo ndiye ndikukanizeni kawiri. Ndalama imeneyo ndi ya anzanu, ili ndi chiwongola dzanja mwezi ndi mwezi, ndipo December akafika adzabwera kudzazula malata. Ngakhale masheya enieni a ku Blantyre sitigula ndi ngongole. Sitigulanso ndi ndalama ya feteleza. Inu alimi a m'mapiri a Ntchisi mumagwira ndalama kamodzi pa chaka. Yambani mwapatula ya feteleza, ya mbewu, ya fizi, ndi ya matenda. Yotsalayo, imene mungathe kuiiwala zaka zisanu, ndiyo ya masheya. Chaka chilichonse mu October timalandira makalata a anthu ofuna kugulitsa masheya mwachangu mvula itayamba kugunda, ndipo wogulitsa mothamanga amalandira mtengo umene waupeza tsikulo.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma tiyankhe mnyamata wa ku Kamsonga. Ali ndi ndalama za mtedza, akuti agule njinga yamoto ya kabaza kapena masheya?

KATSWIRI: Ngati adziwa kuyendetsa ndipo akwera yekha, agule njinga, atengenso laisensi ndi chipewa. Masheya adzagula ndi zimene njingayo ibweretse. Akangopatsa mnzake kuti aziyendetsa, adzatilemberanso kalata ina.

WOULUTSA: Mwamva, achimwene a ku Kamsonga. Makalata a ku Nambuma ndi Nthondo tiwerenga sabata yamawa.