Kupita Kunyanja ndi Ana Aang'ono: Mafunso ndi Mayankho

Kodi banja likafuna kukapuma kunyanja, liyambire pati kukonzekera?

Liyambire pa mwana wamng'ono kwambiri m'nyumbamo. Makolo ambiri amayamba awerengera ndalama, kenako n'kusaka malo ogona, ndipo mwanayo amamuganizira pa tsiku lolongedza katundu. Chonsecho thupi lake ndi limene liyenera kulamula kutalika kwa ulendo, mwezi wopita ndiponso kogona. Banja la ku Lilongwe likasankha Senga Bay ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, limakafika mwana akadali ndi mphamvu. Likasankha Cape Maclear kapena Nkhata Bay, theka la tsiku limathera pamsewu. Taganizirani mwana wa zaka ziwiri m'minibasi yodzaza, ali pamiyendo pa amayi ake, chikwama chili kumapazi, dzuwa likumuwomba kudzera pawindo, thewera lanyowa koma poimira palibe. Wamkulu amapirira chifukwa akudziwa komwe akupita, pomwe mwanayo akungomva kuwawa. Nyamukani m'bandakucha kusanatenthe, ndipo musankhe gombe limene lili pafupi ndi kwanu.

Nanga mwezi wabwino ndi uti?

Anthu amakonda kukhamukira kunyanja pa Tsiku la Amayi, pa 15 Okutobala, ndiponso pa Khirisimasi. Nthawi ziwiri zonsezi n'zovuta kwa khanda. Mu Okutobala ndi Novembala kunyanja kumatentha moti mchenga umawotcha mapazi masana, ndipo mwana amatha madzi m'thupi msanga kuposa wamkulu. Mu Disembala mvula imakhala itayamba, udzudzu umachuluka, matenda otsekula m'mimba nawonso amafala. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Tchuthi cha sukulu cha mu Ogasiti chili bwinoko, chifukwa kumazizirira ndipo udzudzu umachepa. Chongosamala ndi mphepo ya mwera, imene imautsa mafunde aakulu m'miyezi yozizira. Tsiku la mwera mwana asakwere boti.

Koma ana a kunyanja amasambira tsiku ndi tsiku. Kodi uku si kungoopseza anthu?

Funso ili n'lomveka, ndipo palibe amene akunena kuti mwana asakhudze madzi. Koma ana a kunyanja omwewo ndi amene amadwala kwambiri likodzo, n'chifukwa chake a zaumoyo amagawa mankhwala a praziquantel m'sukulu za m'maderawa. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono za m'madzi odekha, makamaka pomwe pali bango ndi udzu komanso pomwe anthu amasamba ndi kuchapa, ndipo timalowa kudzera pakhungu popanda mwana kumva kalikonse. Zizindikiro monga kukodza magazi zimabwera patapita masabata angapo, banja litaiwala kale za ulendowo. Choncho mukabwerako, mwana akayamba kudwala, auzeni a kuchipatala kuti anasambira m'nyanja. Chinanso n'chakuti mwana wa kunyanja anakulira pamenepo: amadziwa pomwe pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi, amadziwa kuti pamathiriro a mtsinje pamakhala ng'ona ndi mvuu. Mwana wa m'tauni sadziwa chilichonse mwa izi. Komanso mwana wamng'ono akamamira sakuwa, amangomira mwakachetechete, ngakhale m'madzi olekeza m'mawondo a munthu wamkulu. Ngozi zotere zimachitika akuluakulu ali pomwepo ambiri, aliyense akuyesa kuti mnzake akuyang'anira. Gwirizanani momveka kuti ola lino woyang'anira ana ndi uje, foni aiike kaye m'chikwama, akhale poti angathe kumugwira mwanayo ndi dzanja.

M'chikwama cha mwana mukhale chiyani?

Choyamba ndi buku lake la kuchipatala, chifukwa dokotala wa kumene mukupitako samudziwa. Tenganinso neti yanu yonyikidwa m'mankhwala, popeza ya kumalo ogona alendo ikhoza kukhala yobooka. Muikemonso mapaketi a Thanzi ORS, panado wa ana, chipewa, ufa wa phala limene anazolowera, ndi madzi akumwa owiritsa kapena othira kolorini. Mukangofika, funsani komwe kuli chipatala chapafupi ndiponso mmene mungakafikireko usiku. Mwana akatentha thupi kunyanja, akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Kumumwetsa panado n'kumadikira kuti mukaonetsa mukabwerera kwanu n'kuika moyo wake pachiswe, chifukwa malungo amamufooketsa mwana wosakwana zaka zisanu m'tsiku limodzi kapena awiri okha.

Ndalama zake ndi za makolo, ndipo mwanayo sadzakumbukira n'komwe. Bwanji ulendo wonse uyendere iye?

N'zoona kuti mwana wa zaka ziwiri sadzakumbukira Senga Bay, ndiponso makolo amene agwira ntchito chaka chonse ayenera kupuma. Koma kupuma kwawoko kumadalira mwanayo. Banja limene lapanikiza Liwonde, Mangochi ndi Cape Maclear m'masiku atatu, pofuna kuti ndalama zisapite pachabe, limakhala ndi mwana wosagona ndi wokana kudya, ndipo amene amachezera naye usiku nthawi zambiri ndi amayi ake, amene tchuthicho chimangowasamutsira ntchito ya kunyumba kumalo achilendo. Kukhala malo amodzi kumachepetsa ndalama za mafuta, kumalola mwana kugona masana monga anazolowera, ndipo kumapatsa bambo ndi mayi mpata wosinthana: wina akatsala ndi mwana pamthunzi, mnzake akasambire kapena akagule chambo kwa asodzi. Nyama za ku Liwonde ndi nsomba za mbuna za ku Cape Maclear mudzapita kukaziona mwanayo akadzafika msinkhu woyamba sukulu, pomwe azidzatha kukhala m'galimoto maola angapo n'kumafunsa mayina a zimene akuona.