Injini ya Jet Ski Ikakana Kuzungulira

Funso: Jet ski ikakana kulira, injini osatembenuka n'komwe, chagwira chimadziwika bwanji?

Yankho: Choyamba kuyesa ndi batire, chifukwa lofooka silizunguza injini. Likakhala lamphamvu, makaniko amachotsa mapulagi onse n'kulizanso. Madzi akatuluka m'mabowo a mapulagiwo, ndiye kuti analowa m'masilinda, ndipo ayenera kuchotsedwa tsiku lomwelo injini isanachite dzimbiri.

Ikakanabe, amamasula batire n'kuunika kunsi, polowera madzi. Chingwe, mwala kapena kamtengo zimapanikiza impela, chopalasira madzi cha m'pampu. Poti jet ski ilibe klatchi, impela ikagwira injini imaimanso.

Pomaliza amachotsa pampu yonse. Injini ikazungulira, vuto lili m'pampumo. Ikakana, mwina mapisitoni kapena mabering'i agwira, kawirikawiri chifukwa chosowa oyilo kapena kutentha kwambiri.