PHUNZIRO 17: THUMBA LOKUNTHIRA MOWA

Tikamaliza kukolola, kapena tikaitana dima, pamudzi timafulula mowa ndi thobwa. Makolo athu ankakuntha mowa ndi khuntho lolukidwa ndi manja. Masiku ano oluka achepa. Ambiri timangotola thumba lomwe lili pafupi. Apa ndiye tichenjere. Chimene chinali m'thumba chimalowa mu mowa, ndipo mowawo timamwa tonse.

Thumba labwino

Nsalu ya thonje ndiyo yabwino. Kapulana yakale yomwe inasiya kusuluka ikhoza. Thumba lansalu lomwe munali ufa likhozanso.

Tipinde nsaluyo pawiri. Tisoke mbali ziwiri ndi ulusi wolimba. Msoko ukhale kunja, kuti masese asabisale m'kati. Tisanayambe kukuntha, tiwiritse thumbalo m'madzi oyera. Pokuntha tithire pang'onopang'ono. Tikadzaza kwambiri, thumba liphulika, masese onse agwera mumbiya.

Saka lapulasitiki lomwe munali shuga ndi labwino ponyika mawere kapena chimanga cha chimera m'madzi ozizira. Phala lotentha ayi, tisathiremo.

Matumba oletsedwa

1. Thumba la feteleza.
2. Thumba la mbewu yogula, yopaka mankhwala ofiira kapena obiriwira.
3. Thumba lomwe munali mankhwala a thonje, a fodya kapena a anankafumbwe.
4. Neti ya udzudzu. Ulusi wake uli ndi mankhwala. Malo ake ndi pogona, osati pambiya.

Wina anena kuti, "Inetu ndachapa ndi sopo." Sopo amachotsa litsiro looneka. Mankhwala ena amatsalira mu ulusi, maso sangawaone. Matumba amenewa tiziwasunga paokha m'nyumba ya katundu ya koperativa, kutali ndi zakudya.

Chinyontho ndi mdani

Thumba labwino limasanduka loipa tikalisunga lonyowa. Tikatha kukuntha, tilitembenuze, tilichape tsiku lomwelo. Tiliyanike padzuwa mpaka liume gwaa. Likachita nkhungu, titaye.

Ufa ndi chimera nazonso zimaopa chinyontho. Mu Januwale 2015, ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa ku Tete, anthu anamwa mowa wofulula pamudzi pa mwambo wa maliro. Anthu oposa 200 anadwala, 75 anamwalira. Poyamba ena ankati ndi ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima anapeza kuti sizinali choncho. Poizoni anachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe tinali mu ufa wa chimanga womwe unanyowa ndi madzi osefukira. Poizoni ameneyu satha ndi moto, ngakhale tiwiritse chotani.

Choncho matumba a ufa ndi chimera tisaike pansi. Tiike pathandala, pomwe denga silidontha. Ufa ukanyowa n'kugona, ukasintha fungo kapena mtundu, tisafululire mowa, tisaphikire nsima. Kuli bwino kutaya lichero la ufa kusiyana ndi kukumba manda.

Tiyeni tiwerenge

thu-mba, chi-me-ra, ma-se-se, chi-nyo-ntho

Tiyeni tilembe

Thumba la feteleza si la mowa.
Ufa wonyowa ndi woopsa.

Tiyeni tikambirane

1. Kwathu kuno timakunthira chiyani?
2. Ndani pakati pathu amadziwa kuluka khuntho? Angatiphunzitse liti?
3. Matumba a mankhwala a koperativa yathu amapita kuti akatha ntchito?