Tizilombo Mumkodzo Popanda Kudwala: Phunziro kwa Odwala Shuga

Anthu ambiri amene matenda a shuga adawayamba atakula, makamaka amayi, amapezeka ndi mabakiteriya mumkodzo ngakhale sakumva kupweteka kulikonse. Kawirikawiri kachilombo kake ndi E. coli, kochokera m'matumbo. Shuga akachuluka m'magazi amatsikira mumkodzo, tizilombo n'kupeza chakudya. Matendawa akakhalitsa amafooketsanso mitsempha ya chikhodzodzo, kotero kuti mkodzo wina umatsalira munthu akakodza.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri zimenezi sizifuna mankhwala. Kafukufuku wa ku Canada, amene adasindikizidwa mu 2002, adapeza kuti amayi odwala shuga amene adapatsidwa maantibayotiki adadwalabe matenda a chikhodzodzo ndi impso mofanana ndi anzawo amene sadapatsidwe. Choncho kugula Bactrim kapena amoxicillin pagolosale, kaya ku Chibavi kaya ku Zolozolo, poti mkodzo wasintha fungo, n'kudziika pachiswe. Tizilombo timazolowera mankhwalawo, ndipo tsiku lodwaladi amalephera kugwira ntchito.

Amayi oyembekezera ndi anthu amene akukachitidwa opaleshoni ya njira ya mkodzo, amenewo okha amapatsidwa mankhwala ngakhale palibe chizindikiro.

Koma mukamva kuotcha pokodza, thupi likatentha, mukamanjenjemera kapena kumva ululu m'mbali mwa msana, musachedwe. Pitani ku Mzuzu Health Centre kapena ku Mzuzu Central Hospital tsiku lomwelo, mutatenga buku lanu lachipatala, chifukwa tizilombo tikafika kuimpso, shuga naye amakwera msanga.