Kujambula Mbalame pa Nyanja ya Chilwa M'nyengo Yachisanu

Anzathu ambiri amayesa miyezi ya Juni ndi Julayi ngati nthawi yongofunda bulangete ndi kuotha moto. Koma kwa iye wofuna kuphunzira kujambula zithunzi palibe nyengo ina yoposa imeneyi. Mvula imakhala itatha, fumbi lisanachuluke, ndiponso anthu asanayambe kutentha tchire kwambiri. Motero munthu ataima pa doko la Kachulu amaona phiri la Zomba ndi chilumba cha Chisi bwino lomwe. Pofika Seputembala utsi umaphimba zonsezi.

Chinthu choyamba kuchidziwa ndi kumene kuli dzuwa. Lamulo lakale likuti dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula. Tsono taonani: Kachulu ali kumadzulo kwa nyanja, kotero kuti m'mawa mukayang'ana kumadzi mwayang'ananso dzuwa, ndipo mbalame yanu idzatuluka yakuda bii ngati khala. Chifukwa chake m'mawa tembenukirani ku dambo ndi ku phiri. Nyanja yeniyeni muisungire madzulo. Komabe asodzi opalasa mabwato m'nkhungu dzuwa likutuluka musawaleke, pakuti pamenepo kuda kwawoko ndiko kukoma kwa chithunzi. Muyambe mwawapempha, si mbalame iwo.

Mbalame zochokera ku Ulaya zimakhala zitabwerera kwawo pofika nyengoyi, koma zathu zilipo: nkhwazi, tsekwe, vuwo, nantchengwa ndi akakowa. Kakowa ndiye mphunzitsi wabwino wa oyamba kumene, chifukwa amaima nthawi yaitali podikira nsomba. Vuto lake ndi kuyera. Kamera imayesa kuwala kwa malo onse pamodzi, ndipo poona bango ndi njedza zakuda kumbuyo imalowetsa kuwala kwambiri. Kakowa amasanduka banga loyera lopanda nthenga. Muchepetseko kuwala pang'ono. Pa foni mukhudze mbalameyo pagalasi, ndi kutsitsa chizindikiro cha dzuwa kufikira nthenga zioneke. Mbalame youluka ifuna kuti kamera iphethire msanga, monga 1/1000 ya sekondi; yongoima siifuna zotere.

Mbalame musaithamangire. Valani zovala zosawala, khalani pansi pafupi ndi pamene ikudya, ndipo mukhale chete ngakhale chisanu chikuluma zala. Idzakuiwalani. Chithunzi chojambula mutakhala pansi, diso la kamera litalingana ndi diso la mbalame, chimaposa kutali chojambula chiimirire. Chisa ndiye ayi: make akathawa mazira amazizira, ndipo khwangwala sachedwa.

Maluwa a kakombo ndi osavuta, chifukwa sathawa. Dikirani atseguke, sankhani duwa limodzi, osati dziwe lonse. Mukachita mwayi mudzaona kambalame ka zala zazitali kakuyenda pamwamba pa masamba ake osamira. Koma musalowe m'madzi kulitsata duwalo; m'madzi odekha otere ndimo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Chotsiriza ndicho chimene ine ndichiona chachikulu. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotuluka, ndiponso ndi yosaya. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka, mabwato ali gone pouma. Mu 1996 inalembedwa pa pangano la Ramsar losunga madambo ofunika a dziko lonse lapansi, yoyamba m'Malawi muno. Tsono chithunzi cha nyanja yotere sichokongoletsa khoma chabe, ndi mboni. Sankhani malo amodzi osasuntha, kaya mtengo kaya mwala, muimepo ndi kujambula molunjika ku Chisi. M'kope mulembe tsiku, ola, pamene madzi alekezera ndi mbalame zimene mwaziwerenga. Pochoka pa sukulu kopelo mulisiyire a Fomu 1, muwalozere mwalawo, kuti Juni wa chaka chamawa akaime pomwepo.