Mafunso ndi Mayankho: Setilaiti, Zilumba ndi Anamondwe

Makalata achuluka sabata ino, ndiye tisachedwe.

Yoyamba yachokera kwa mwana wa sukulu ku Nkhata Bay, akufunsa kuti setilaiti imaona bwanji mitambo ili kutali choncho. Mwanawe, zoonera nyengo monga Meteosat ya ku Ulaya zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo zimayenda mogwirizana ndi kuzungulira kwa dziko. N'chifukwa chake zimayang'ana dera limodzimodzi usana ndi usiku, n'kumatumiza chithunzi mphindi 15 zilizonse. Limbikira sayansi.

Bambo ena a ku Likoma akuti amva zoti nyanja zikukwera, kodi chilumba chawo chimira? Ayi bambo, gonani tulo. Zimene zikukwera ndi nyanja zamchere. Masetilaiti akhala akuyeza kuyambira 1992, ndipo madzi akwera ndi masentimita pafupifupi 10. Zikumveka zochepa, koma ku zilumba za Tuvalu malo okwera kwambiri safika mamita 5, moti mchere ukulowa kale m'zitsime ndi m'minda. Nyanja yathu imakwera ndi mvula. Inu opani mwera, ndipo a zanyengo akalengeza, bwato likhale kumtunda.

Tsopano iyi ya mayi a ku Mulanje. Akuti, "Ngati makinawo amaona zonse, bwanji namondwe Freddy anatipeza chigonere?"

Mayi, pepani, ndikudziwa kuti funsoli lachokera pamtima wosweka. Koma Freddy sanabwere mozemba. Anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, ndipo akatswiri a pachilumba cha Réunion, amene amalondola anamondwe a chigawo chathu chino, anamuona akubwera. Anadutsa kumpoto kwa Mauritius, pa 21 February n'kutera ku Madagascar pafupi ndi Mananjary. Kumeneko anthu anali atalawa kale ukali wa namondwe Batsirai chaka chapitacho, ndiye atangomva chenjezo sukulu zinatsekedwa, anthu n'kusamukira kumalo otetezeka mphepo isanafike. Kwathu kuno anafika mu March, atatha mwezi wathunthu akuyenda. Masiku ake onse anakwana 36.

Ndiye vuto silinali kuona ayi. Vuto ndi ulendo wa uthenga kuchoka pa kompyuta kukafika pakhomo panu, ndiponso chimene mumachita mukaumva. Ku Vanuatu mu 2015, namondwe Pam asanafike, machenjezo ankatumizidwa pa mafoni a m'manja. Nyumba zinagwa zambirimbiri, koma omwalira sanafike 20. Anthu a pazilumba alibe kothawira kutali, paliponse ndi madzi, choncho chenjezo saseweretsa.

Ife nanga? Ndimanena sabata iliyonse. Timamva pawailesi, n'kutuluka panja, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuti "kulibe mtambo." Malume anga ena anakana kusamuka kudambo chifukwa cha mbuzi zawo. Amati mitambo amaidziwa kuyambira ali mnyamata. Anawatenga ndi bwato pamwamba pa chulu, mbuzi zitapita kale. Makinawo amaona namondwe akadali patsidya pa Madagascar, inu mukuona mpaka paphiri lokha.

Chilungamo chake, ziliponso zimene setilaiti singanene. Ingakuuzeni kuti kugwa mvula yochuluka masiku atatu, koma yoti mbali iti ya phiri la Soche igumuke usiku uno, ayi. Pamenepo pamafunika mfumu, komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ndi munthu woliza wezulo. Setilaiti ya Sentinel-1 ili ndi radar yoboola mitambo, imasonyeza midzi yomira ngakhale usiku, koma imeneyo imathandiza opulumutsa madzi atasefukira kale.

Ndi inu achinyamata a pa WhatsApp, chonde. Chithunzi cha namondwe wa zaka zapitazo mukuchitumiza ngati cha lero, anthu athawa, sikuchitika kanthu. Tsiku la chenjezo lenileni amangoti "ayambanso aja." Musanatumize, mverani kaye a Nthambi ya Zanyengo. Ndipo mtsinje ukadzaza musawoloke, ngakhale mutausambira kuyambira ubwana.

Yomaliza mwachangu, nthawi yatithera. Mphunzitsi wa ku Zomba akufunsa ngati zithunzizi n'zogula. Za Sentinel n'zaulere, aphunzitsi, kungofunika intaneti yolimba ndi wina wodziwa kuziwerenga. Kalata ya asodzi a ku Chizumulu tiyamba nayo sabata yamawa.