Kusamala Njinga Yamoto Pakhomo: Zakale ndi Zatsopano

Anzanga ena amayesa kuti njinga yamoto ikakhala yatsopano, mwini wake alibenso ntchito koma kukwera basi. Tiyeni tione ngati zili choncho.

Njinga zakale, monga BSA Bantam imene inkapangidwa ku Birmingham kuyambira 1948 kufikira 1971, zinkafuna chisamaliro ngati khanda. Oyilo ankamuthira m'thanki pamodzi ndi petulo, ndipo akachuluka, pulagi inkada ndi mwaye, njinga nkukana kulira. Moto wa pulagi unkadalira tizitsulo tiwiri totchedwa mapointi, timene timatseguka ndi kutsekeka injini ikamazungulira. Tizitsuloti tinkadyeka, kotero pankafunika kutipala ndi kutitchuna kawirikawiri. Komatu zonsezi munthu ankachita yekha pansi pa mtengo wa mango, ali ndi sipanala ndi sikuludiraiva, pakuti chilichonse chinali choonekera ndi maso.

Zatsopano zilibe mapointi. M'malo mwake muli kabokosi komata kotchedwa CDI, kamene sikafuna kutchuna. Koma kakafa kafa. Palibe chokonza, nkugula kena basi. Zina zamakono zedi zilibe ngakhale kabuleta, petulo amayezedwa ndi kompyuta, ndipo zikadwala zimafuna makina a makaniko kuti apeze nthendayo. Pamenepo sipanala ya pakhomo yagonja.

Tsono njinga za kabaza zimene timaziona pa msika wa Milepa zili pakati. Zambiri injini yake anatengera ya Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975, ndipo anaipanga dala kuti ipirire m'manja mwa anthu osasamala kwenikweni. Zili ndi CDI, koma kabuleta akadalipo, ndipo munthu angathe kummasula ndi kumtsuka yekha.

Kunena zoona, chimene chimapha njinga kwathu kuno ndi fumbi la m'chilimwe. Sefa ya mpweya ikang'ambika kapena ikaikidwa molakwika, fumbi limalowa m'injini nkumapala pisitoni pang'onopang'ono. Chifukwa chake sefayo izitsukidwa kawirikawiri, ndipo oyilo azisinthidwa pa nthawi yake. Injini yotere imadya pafupifupi lita imodzi yokha, mtengo wochepa poyerekeza ndi pisitoni yatsopano. Tcheni chizipakidwa oyilo, ndipo pochikankha ndi chala pakati chizisuntha masentimita 2 kapena 3. Akabaza ena amachimanga kwambiri poopa kuti chingavuke, koma potero amatha mano a sipuloketi msanga.